Mapazi Opanda Eni

Mapazi opanda eni anayamba kufika masukulu atatsala pang'ono kutsegulira, nyengo imene m'shopu ya a Chidendene fungo la guluu limalowa mpaka m'kapu ya tiyi.

Bambowa sakhulupirira manambala a nsapato. Amati nambala ndi bodza limene anapeka anthu a m'mafakitale kuti asamavutike kugwada. Mwana akabwera kudzagula nsapato za kusukulu, amamuvula, kumuimika pa pepala, iwo n'kugwada ndi pensulo, kuzungulira phazi lonse kuyambira ku chala chachikulu mpaka ku chidendene. Mpomwe panachokera dzina lawolo, ndipo linakula n'kukwera pa chikwangwani cha pakhomo, pa makatoni, ndi pa setifiketi ya kampani imene ili m'felemu pamwamba pa makina osokera.

Mwana wawo wamkazi atabwerako ku yunivesite ndi digiri ya makompyuta, anawanyengerera kuti kampani ikhale ndi tsamba pa intaneti. Anavomera, koma lamulo lawo silinasunthe. Kholo lofuna nsapato lijambule mapazi a mwana pa pepala, liike rula pambali, litole chithunzi ndi foni, litumize pamodzi ndi nambala yake. Likatero lilipire. Mtsikanayo, amene onse m'shopu ankamutcha Injiniya, pena pomutama pena pomunyogodola, anakonza tsambalo momwemo: phazi poyamba, malipiro pambuyo. Phazi likafika, makina osindikizira a pakona ankalilavula, iye n'kulimata kapepala ka oda n'kulipachika pa chingwe ndi pegi ngati chovala cha khanda.

Chinthu chimodzi chokha a Chidendene anakana. Adilesi ya pa intaneti ili ndi mutu ndi mchira: mutu ndi dzina lako, kenako kadontho, kenako mchira wa tizilembo tingapo. Michirayo ilipo yambirimbiri, ndipo munthu wina aliyense akhoza kugula dzina lako lomwelo ndi mchira wina ngati iwe sunaugule. Injiniya anapempha kuti agule ingapo yodziwika, ingokhala. Bambo ake anamuyang'anira pamwamba pa magalasi.

“Unaonapo galu wa michira yambiri? Gula umodzi.”

Anagula umodzi.

Tsono mapazi aja. Loyamba litafika popanda oda, Injiniya anangoti kholo lafika pa malipiro n'kusintha maganizo, zimachitika. Koma anapitirira kubwera, m'mawa, masana, mpaka anamanga chingwe chachiwiri. Azakhali ake, mlongo wawo wa a Chidendene, amene ankakhala pa kauntala ndipo pakamwa pawo panalibe buleki, anachitcha chingwe cha ana amasiye.

Injiniya anali munthu woti akaona zinthu ziwiri zosagwirizana, chakudya chimamuzizirira m'mbale. Anatsegula kompyuta n'kuyerekeza anthu amene alowa pa tsamba ndi mapazi amene afika. Mapazi anachuluka kuposa anthu. Ankalowa m'nyumba osadzera pakhomo. Zinamusangalatsa pang'ono, kunena zoona, monga momwe chotupa chachilendo chimamusangalatsira dokotala. Anaimbira nambala imodzi ya pa chingwe cha amasiye. Bambo wina anayankha ali pamalo aphokoso.

“Ndinalipira kale ine. Mukufunanso chiyani? Tumizani nsapato!” Foni thi.

Asanamalize n'komwe kudabwa, chitseko chinatseguka mwamphamvu mpaka kabelu kake kanagwa pansi. Analowa mayi wovala yunifolomu ya namwino, chikwama kukhwapa, maso ofiira ngati wochokera kuntchito osagona.

“Mwini dzinali ndi uti pano?”

“Takulandirani, mayi,” anatero azakhali. “Mwadzuka bwanji?”

“Ndadzuka ndi mwana wopanda nsapato. Ndikufuna a Chidendene.”

A Chidendene anaimitsa makina n'kudzuka, ulusi uli m'kamwa. Namwino sanawapatse mpata woulavula. Anati anatumiza mapazi a mwana wake, analipira, anadikira, anaimba nambala imene inali pa tsamba, inali yozima. Anati iye amagwira ntchito yopukuta mabala a anthu, ndalama zake sizigwa kuchokera padenga. Ndipo anati asavutike kumupepesa, chifukwa walemba kale pa gulu la makolo la pa foni, ndipo anthu akugawana uthengawo ngati moto wa m'chilimwe. Anawawerengera yekha, mawu ndi mawu: chenjerani ndi a Chidendene, amalandira ndalama n'kuzima foni.

Osoka onse anasiya ntchito. Injiniya anaona nkhope ya bambo ake ikuchita phulusa. Anawaonapo atakwiya, anawaonapo akulira pa maliro a mayi ake, koma anali asanawaonepo akutchedwa mbava m'shopu yawo yomwe.

“Dzina limeneli ndinalisoka ndi manja awa, msoko ndi msoko,” anatero motsitsa. Sanali kuuza namwino. Anatembenukira kwa mwana wawo. “Injiniya, chinthu chako chija uchitseke. Lero lomwe.”

“Bambo, ndipatseni kaye mpata.” Anatambasula manja onse awiri kwa namwino. “Mayi, pepani, ndingaone nawo pamene munalowapo?”

Namwino anamupatsa foni ngati akupereka umboni kukhoti. Tsamba linali lawo ndithu. Zithunzi zawo, mitundu yawo, ngakhale dzanja la bambo ake logwira pensulo. Injiniya anakweza maso pamwamba, pa adilesi. Mutu unali wawo. Mchira sunali wawo. Anatsika pa malipiro: nambala yachilendo.

“Ili si tsamba lathu, mayi. Wina wagula dzina lathu ndi mchira wina, wakopera tsamba lonse, n'kusintha polipirira pokha.”

“Mwati michira?” Namwino anaseka kuseka kopanda mano. “Mwana iwe, ine ndaona odwala akunama kuti amwa mankhwala ali nawo m'thumba. Ngati si inu, mapazi a mwana wanga anapita kuti?”

Funso limenelo ndi limene linatsegula mutu wa Injiniya. Anafunsa nambala ya namwino, n'kupita pa chingwe cha amasiye, kuyang'ana pepala ndi pepala. Panalibe. Anatsegula kompyuta: mapaziwo anafika ndithu, ndipo anasindikizidwa. Anabwerera pa chingwe. Pegi imodzi inali yokha, yopanda kanthu.

“Ndani wachotsa pepala apa?”

A Chidendene anakhosomola. Anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi, kenako anawerama pansi pa tebulo lawo lodulira n'kutulutsa nsapato ziwiri zakuda, zatsopano, zosafanana. Yakumanja inali nsapato wamba. Yakumanzere inali yaifupi, yotakata kutsogolo, soli yake yokwera mbali imodzi.

“Achimwene!” Azakhali anagwira m'chiuno. “Mukusokera amasiye? Chikopacho chimamera kuseri kwa nyumba?”

“Phazilo linandiyang'ana,” anatero a Chidendene mwamanyazi. “Ndimati ndikadutsa, lili pomwepo, lopindikira m'kati. Ndinati mwana ameneyu m'sitolo sangapeze nsapato, oda ibwere isabwere. Ndiye masana ena manja anangoyamba okha.”

Namwino anatenga yakumanzereyo, kuitembenuza, kulowetsa zala m'kati mpaka kumapeto. Anasisita soli yokwera ija pang'onopang'ono. Koma anali mayi wosagonja msanga.

“Nsapato si umboni,” anatero. “Ndibwera naye adzayese. Zimene ndinalemba zikhala momwemo mpaka nditaona.” Anaika nsapato pa kauntala, natola kabelu kaja pansi, kukapereka kwa azakhali, n'kutuluka.

Injiniya anakhala pa kompyuta n'kufukula tsamba la akubalo kunsi kwake, kumene kuli malamulo amene amaliyendetsa. Ataona anayamba kuseka yekha. Akuba aja anali aulesi. Anakopera zonse osawerenga, ndipo bokosi lotumizira mapazi analisiya momwe linalili, likutumizabe ku kompyuta ya Chidendene. Iwo mapazi analibe nawo ntchito. Mwina sanadziwe n'komwe kuti kuli anthu padziko lino amene amagula nsapato ndi pepala ndi rula.

“Ukuseka chiyani pamaliro?” anafunsa azakhali.

“Azakhali, munthu amatumiza phazi asanalipire. Phazi lamasiye likafika pano, ndiye kuti mwini wake ali pakhomo pa akuba, ndalama zikadali m'manja.”

Azakhali anamva msanga kuposa wina aliyense. Makina atalavula pepala lotsatira, analikwatula lisanazizire, foni ili kale kukhutu.

“Halo, mayi. Musalipire! Ee, ndikudziwa kuti simundidziwa. Mwana wanu ali ndi chala chachiwiri chachitali kuposa chachikulu, ndanama? Ayi, sindine mfiti, ndine wa ku Chidendene yeniyeni. Chotsani chala pa batanipo, tikambirane.”

Masana amenewo shopu inasanduka malo oimbira mafoni. Injiniya naye anapeza kachingwe kena kamene akuba anaiwala kudula. Munthu akatumiza phazi, pa tsamba pankatuluka mawu akuti zikomo, phazi lafika, ndipo mawuwo ankachokera ku kompyuta yake. Anawasintha kuti aliyense wotumiza kuchokera kwa akuba aziwerenga zina: musalipire, tsamba ili si la Chidendene, imbani nambala iyi. Anayesa ndi phazi lake lomwe, kulowa pa tsamba la akuba ngati kasitomala. Chenjezo linatuluka lofiira, pakati penipeni pa sitolo ya mbava. Anadzilola kunyada pang'ono.

“Watseka?” anafunsa bambo ake pofuna kuweruka.

“Ndikatseka lathu, lawo litsala lokha, Bambo. Aliyense wofuna Chidendene azikagwera kwa iwo.”

A Chidendene anaganiza, chipewa chili m'manja. “Ndiye tseka lawolo.”

“Ndi zimene ndikuyesa. Komanso michira ija yotsala...”

“Gula, gula. Galu wake ndi wako.”

Kutseka la eni sikunali ngati kutseka zenera. Injiniya anafufuza m'kaundula wa maadilesi, momwe aliyense amatha kuona kuti adilesi inagulidwa kuti. Dzina la wogula linali lobisika, koma kampani imene inagulitsa inaoneka, ya kutsidya kwa nyanja. Anailembera dandaulo, naphatikiza chithunzi cha setifiketi ija, imene azakhali anachita kuipukuta fumbi ndi m'mphepete mwa siketi. Anayankhidwa ndi makina, mwaulemu wa makina. Analembanso. Pamapeto pake kunayankha munthu, mayi wina wa ku ofesi yolandira madandaulo, amene analemba ngati munthu wotopa koma wamtima. Anati mkangano wa mwini dzina umafuna maloya ndipo umatenga miyezi. Koma ngati pali umboni woti adilesiyo ikugwiritsidwa ntchito kubera anthu, iye akhoza kuiimitsa msanga. Umboniwo uchokere kwa oberedwawo eni ake, ndi zithunzi za malipiro awo.

Apa mpamene panavuta. Munthu woberedwa amachita manyazi kuposa wakuba. Ena ankati zapita zapita. Ena ankati mukufuna mutibere kachiwiri. Bambo wa pamalo aphokoso uja anatukwana Injiniya, makolo ake ndi intaneti yonse. Ndipo m'mawa wina makina osindikizira anakhala chete. Akuba anali ataona chenjezo lofiira lija n'kudula zingwe zonse ziwiri zolumikiza tsamba lawo ku kompyuta ya Injiniya. Tsamba lawo linali likadali moyo, koma tsopano Injiniya sankaonanso amene akulowamo. Maoda enieni nawo anali atachepa, chifukwa uthenga wa namwino unali ukuyendabe. A Chidendene anasiya kuimba nyimbo posoka. Ankabwera m'mawa, kuima pansi pa chikwangwani kanthawi, kenako n'kulowa.

Namwino anabwera tsiku lake lopuma, atavala zovala wamba, akutsogoza kamtsikana konyamula chidole chopanda mkono. Kanali kuyenda mopendekera, phazi lamanzere lili m'patapata womangidwa ndi lamba. A Chidendene anagwada osapereka ngakhale moni, kukaveka, kumanga zingwe, kutsina kutsogolo ndi chala chachikulu.

“Tayenda, mayi wanga. Upite mpaka pa makatoni apo ubwere.”

Kanapita. Kanabwera. Kanapitanso kosatumidwa, ulendo uno mothamanga, n'kugunda makatoni onse gumu.

“Ikukupweteka pati?” anafunsa namwino.

“Palibe.”

“Usaname chifukwa choti ndi zatsopano.”

“Palibe, amayi. Kodi ndigona nazo?”

Namwino anayang'ana kukhoma kanthawi, akuphethira. Kenako anatembenukira kwa Injiniya ndi nkhope ya kuntchito.

“Za michira zija, tandifotokozeranso. Pang'onopang'ono, ngati ukuuza wodwala.”

Injiniya anaika mafoni awiri pa kauntala, tsamba lenileni ndi labodza, n'kuloza pa adilesi. Anamuuzanso za mayi wa ku ofesi ya madandaulo, ndi za oberedwa amene akukana kuperekera umboni.

“Akukana?” anatero namwino. “Ukawapempha akana ndithu. Anthu sapemphedwa, amauzidwa tsiku.”

Anakhala pa benchi ya makasitomala n'kulemba pa gulu lija ndi chala chimodzi. Anawerenga mokweza asanatumize, monga anachitira poyamba paja. Analemba kuti anatukwana khomo lolakwa, kuti mbava ndi ena ovala dzina la eni, ndipo aliyense amene anaberedwa ngati iye abwere Loweruka m'mawa ndi foni yake ndi mwana wake. Anawonjezera kuti iye, namwino wathunthu, anapusitsidwa, ndiye wina asadzione ngati wochenjera kwambiri moti n'kubisala.

Loweruka mzere unatuluka pakhomo mpaka kukhota pa sitolo ya mankhwala. Namwino anauyendetsa ngati tsiku la katemera. Wolowa ankayamba kwa Injiniya kukaonetsa malipiro ndi kunena zimene zinamuchitikira, kenako mwana kwa a Chidendene kukayezedwa. Za mtengo wa nsapato za oberedwa, a Chidendene ankangoti tikambirana, ndipo nthawi iliyonse akatero azakhali ankapuma mozama ngati tayala lophulika. Bambo wotukwana uja anabweranso, wamfupi kuposa mawu ake, atanyamula mapasa.

“Aja ndinawalankhula pa foni ndi inu, achemwali?”

“Ndine.”

“Kunali phokoso,” anatero, n'kupereka foni.

Injiniya anatumiza zonse madzulo omwewo. Kenako kunali kudikira, kumene ku yunivesite sanamuphunzitse. Ankatsegula tsamba la akuba akadzuka, akamadya, ali m'basi, ndipo nthawi zonse dzanja la bambo ake linali pomwepo, likugwira pensulo m'sitolo ya mbava. Mpaka masana ena, ali ndi sangweji kukamwa, anadina ndipo kunatuluka tsamba loyera ndi mawu ochepa akuti adilesiyi sikupezeka. Anadinanso. Anayesa pa foni ya azakhali. Anayesa pa foni ya wosoka wina. Mu imelo munali mzere umodzi wochokera kwa mayi wa kutsidya uja: yaimitsidwa, pepani kuti zinakugwerani.

Anakhala kaye osauza munthu. Iye ankaganiza kuti nkhaniyi adzaimaliza yekha ndi mutu wake, monga ankamalizira masamu m'kalasi anzake akadali kusongola mapensulo. Koma akanakhala yekha, bwenzi akudziwa bwinobwino mmene akuba akubera, uku akubawo akubabe. Anayankha mayi wosamudziwayo, nalemba zikomo, nafufuta poona kuti n'zochepa, nalemba ndime yonse, nafufutanso, n'kutumiza zikomo yemweyo. Anaimbira namwino.

“Mayi, latsekedwa. Ndimati ndikuthokozeni.”

“Usandithokoze. Ndinakudetsani pagulu, ndakuchapani pagulu, tafanana. Uwauze bambo ako kuti mwanayu akukana kuzivula posamba. Ndili ndi wodwala, tsala bwino.”

Ndipo anatenga kompyuta n'kupita nayo pa tebulo lodulira. A Chidendene anapukuta magalasi ndi epuloni, nayang'anitsitsa tsamba loyeralo ngati akufuna msoko wokhota.

“Ndiye apita kuti?”

“Sindikudziwa, Bambo. Akhoza kudzabweranso ndi adilesi ina. Ndakonza zoti dzina lathu likangogulidwa kwina kulikonse, ndizilandira uthenga. Ndipo adilesi yathu yeniyeni tiziidinda pa katoni iliyonse ndi pa lisiti, anthu aizolowere.”

“Pa chikwangwaninso,” anatero azakhali ali ku kauntala. “Zilembo zikuluzikulu. Anthu a masiku ano maso ali m'manja.”

A Chidendene anatenga mpeni wawo wodulira, kuunola pa lamba kangapo, n'kuyala chikopa.

“Paja tsamba lako lija ndinati utseke.”

“Munatero, Bambo.”

“Unatseka?”

“Ayi.”

Anagwedeza mutu, mpeni ukuyenda kale m'chikopa.

“Mwana wosamva iwe,” anatero. “Tandipatsira phazi lotsatira.”